Maliro a Tionenji

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa, koma popeza kuno ku Kapata ngakhale anyamata a njinga pa siteshoni amaidziwa, bola muimve kwa mwini wake. Ndi yamanyazi. Mukamaseka muzisekako mwaulemu, ndine mphunzitsi.

Ndine Phiri, ndimaphunzitsa sayansi pa sekondale ina muno mu Chipata. Koma matenda anga enieni ndi kulemba. Ndimalemba zija amati science fiction, nkhani za kutsogolo, za zombo zouluka kupita kumaiko a mumlengalenga. Buku langa linali la alimi a kuno kwathu omwe mvula itawathawa anakweza mbewu ya nsawa m'chombo kuti akalime ku Mars. Woyendetsa chombocho anali mtsikana wolimba mtima, dzina lake Tionenji.

Tionenji ndinkamukonda, abale. Ndinkadziwa ndiwo zomwe amadana nazo, kanyimbo komwe amaimba akachita mantha, mpaka chipsera cha pabondo pake.

Vuto linabwera ndi anzanga a pagulu la olemba pa WhatsApp. Atawerenga machaputala anga anandiuza mosapsatira: "A Phiri, nkhani yanu ilibe mano. Anthu akuyenda mumlengalenga ngati akupita ku Katete pa minibasi. Palibe akuvutika, palibe akufa. Wowerenga aziopa chiyani?"

Zinandiwawa, koma ananena zoona.

Ndiye Loweruka lina m'mawa, mkazi wanga Esinati atapita ku Mwami kukaoda zitenje, ndinakhala pakhonde ndi laputopu n'kumupha Tionenji. Chombo chinabooka, mpweya unayamba kutha, iye n'kutuluka kunja kukatseka bowolo. Anatseka ndithu, anthu onse n'kupulumuka, koma chingwe chomwe anadzimangirira chinaduka. Anayandama kulowera kumdima, akuimba kanyimbo kake kaja.

Nditangolemba mawu omaliza, laputopu inazima. Magetsi anali atathima kuyambira dzulo lake. Ndinatsala ndekha ndi chinthu chomwe ndachita, ndipo ndinalira. Osati kulira kwa mphunzitsi ayi. Kulira kwa mamina!

Nthawi yomweyo geti linatseguka. Apongozi anga akazi ochokera ku Kasenengwa, dengu la mbatata lili pamutu.

Anatula dengu, nakakhala patali pansi pa mtengo wa mango, nkhope atalozetsa kumbali monga mwa ulemu wa chipongozi.

"Bambo, kwagwanji?"

"Amayi, Tionenji. Tionenji wapita."

"Tionenji ndani?"

Apa ndi pomwe ndikanati, "Ndi munthu wa m'buku." Koma ife olemba tili ndi kamatama kena, timakonda kuyankhula zozama.

"Ndinganene kuti ndi mwana wanga, amayi. Ndinamupanga ndine. Ndamulera mwakachetechete zaka zonsezi."



"Esinati akumudziwa?"

"Akumudziwa bwino kwambiri. Koma zoti wafa sindinamuuze. Ndikuopa."

Apongozi anamanga bwino chitenje, napuma mozama.

"Mwachita bwino kundiuza, bambo. Zinazo tidzakamba. Pakali pano imfa ndi imfa."

Mtima wanga unasungunuka. Ndinati onani, mayi wosafika ndi ku sekondale komwe akumvetsa ululu wa wolemba kuposa anzanga a madigiri! Ndinawathokoza mpaka kuwomba m'manja. Kenako ndinanyamula laputopu ndi foni yanga, yomwenso inali itazima, ulendo wa kusukulu kukatchaja pa sola.

Kusukulu ndinapeza ofesi yokhoma, wosunga makiyi atapita ku ukwati. Ndinadikira, ndinadikiranso, mapeto ake ndinakakhala kwa mnzanga wina kumamvera mpira pa wailesi. Ndinabwerera dzuwa litapendeka, laputopu ikadali yakufa.

Nditakhota pa kona ya kwathu ndinaima n'kuyang'anitsitsa.

Masofa anga ali panja. Galimoto ya kanta yaima pageti, anthu akutsitsa nkhuni. Azibambo akhala bwalo pansi pa mango, m'nyumba azimayi akuimba nyimbo zija sizifuna kufunsa. Kuseri utsi uli tolotolo, mbuzi ikusendedwa.

Ndinati basi, Esinati! Msewu wa ku Mwami uja ndi mathiraki ake!

Ndinataya chikwama, kuthamanga, kugwa pakati pa bwalo n'kumagubuduka m'fumbi.

"Esinati wanga ine! Esinati mayo!"

Manja olimba anandidzutsa. Anali apongozi anga aamuna, a Tembo, atavala jekete yawo ya pamaliro.

"Bambo, Esinati ali moyo, akubwera. Lirani dzina loyenera. Lirani Tionenji."

Ndinayang'ana anthu. Theka la mudzi wa ku Kasenengwa linali pabwalo panga, anthu atasiya nsawa zili pamunda zosakumba. Anthu a mpingo wa apongozi analipo ndi kwaya yawo, a mpingo wanga analiponso, oyandikana nawo nyumba osanena. Mayi wina wogulitsa tomato amadziguguda pachifuwa akufuula kuti, "Ndinkamuona ine mwanayu pamsika! Waulemu! Nkhope ngati bambo wake!"

Anandikhazika pampando pakati pa akuluakulu. Kumanja a Tembo, kumanzere akatekisiti a kumudzi kwawo, a Mwale.

Ndinanong'ona: "Bambo, pali kusamvana pang'ono. Tionenji ndi wa m'buku."

A Mwale anagwedeza mutu mwachifundo, nakweza mawu: "Mwamva chikhulupiriro, abale? Akuti mwana ali m'buku! Tonsefe tinalembedwa m'buku la moyo!"

"Ameni!" bwalo lonse.

"Ayi, ndikutanthauza kuti munthu ameneyu kulibe!"

"Inde kulibe, watisiya," a Mwale akundisisita paphewa.

A Tembo anandiyang'ana ndi diso lofiira. "Bambo, munamubisa ali moyo. Musamukanenso atafa. Ife manyazi tawameza, tabwera. Tsopano tiuzeni bwinobwino, anthu akufuna kudziwa. Chamutenga n'chiyani?"

Ndinaganiza kuti ndikafotokoza nkhani yonse mwatsatanetsatane, aona okha kuti ndi zopeka. Nzeru za mphunzitsi zimenezo.

"Chabwino. Tionenji anali woyendetsa chombo. Ananyamula nsawa."

"Wageni," wina anatero kumbuyo. "Ana a masiku ano ndi olimbikira."

"Ngozi inachitika atapitirira mwezi."

"Mwezi wathunthu ali paulendo? Ndiye kuti n'kutali. Ku Dar es Salaam?"

"Ayi! Mwezi wa kumwambawu! Umene umawala!"

Onse anayang'ana kumwamba, kenako anayang'anizana. A Mwale ananong'oneza a Tembo, koma ndinamva: "Chisoni chawasokoneza mutu. Afunseni zofewa."

"Thupi lili kuti, bambo? Tikonze transipoti."

"Thupi silingapezeke. Likuyandama."

"Mayo, wamira!" Uthenga unalowa m'nyumba, kulira kunakwera ngati wina wapotokola wailesi.

"Nanga amayi ake a mwanayu kwawo n'kuti? Tiyenera kutumiza mthenga."

Apa ndikanangotseka pakamwa. Koma chimenechi chinali chinthu chomwe ndinkanyadira kwambiri m'buku lonse, ndinachifufuza mokwanira.

"Alibe amayi. Anakulira m'botolo."



Ngakhale osenda mbuzi anaima. Bambo yemwe anakhala pafupi nane anakoka mpando wake pang'onopang'ono kutalikira. A Mwale anachotsa dzanja paphewa panga, nalipukuta pa thalauza, n'kutulutsa korona.

"M'botolo," a Tembo anabwereza. "Ndipo botololo mumalisunga kuti?"

"Si choncho, bambo! Ndi sayansi! Mu labu!"

"Labu ya kusukulu? Komwe kumapita ana athu?"

Ndinatola laputopu kuti ndiwaonetse. Ndinadina, kudinanso, kuigwedeza. Yakuda bii. Mayi wa tomato anakuwa kuti, "Asatsegule chimenecho! Ndi momwe amamusungamo!" Anthu a kutsogolo anabwerera m'mbuyo, ena kugwa ndi mabenchi.

Pakati pa chipwirikiti chimenechi takisi inaima pageti. Esinati anatsika ndi chibelo cha zitenje. Ataona masofa panja anaponya chibelo, manja kumutu: "Amuna anga ine!" Kenako anandiona ndili bwinobwino, fumbi lokhalokha, ndanyamula laputopu ngati mwana wakhanda.

"Nanga wafa ndani?"

Amayi ake anatuluka m'nyumba, namugwira manja onse awiri.

"Limba mtima, mwanawe. Ndi Tionenji."

Ndinapuma. Ndinati mpulumutsi wafika. Esinati ndiye amawerenga chaputala chilichonse ndisanaonetse wina, bukulo amalidziwa kuposa ine. Aseka, afotokoza, anthu abalalika.

Esinati sanaseke. Anatembenuka, maso ali psuu, chala chili pamphuno panga.

"Mwamupha? A Phiri, mwamupha ndithu?"

"Amake mwana, tamverani kaye…"

"Ndinakuuzani chiyani ine? Ndinakugwadirani kuchipinda kuti Tionenji musamuphe! Ndinati ngati mukufunitsitsa kupha munthu, iphani mdala uja wodandaula zilizonse, palibe angamulire!"

A Tembo, omwe ku Kasenengwa konse amadziwika ndi kudandaula, anaimirira pang'onopang'ono.

"Mdala wake uti?"

"Anandikakamiza anzanga a pagulu!" ndinakuwa. "Anati popanda kufa munthu sizingayende!"

"Pali gulu!" a Mwale anafuula, korona ili m'mwamba. "Tsekani geti! Wina aitane apolisi!"

Anyamata awiri a kwaya anandigwira mikono. Azimayi anatuluka m'nyumba, wina atanyamula mthiko, wina chikuni chamoto. Mayi wa tomato anali atakomoka kale, koma diso limodzi lili tcheru kuti asaphonye kanthu.

Apa ndi pomwe Esinati anayang'ana bwino: nkhuni, kwaya, mbuzi yosenda, bambo ake ali chiimire. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Anakhala pachibelo chija, nayamba kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola, misozi mbwembwembwe, anthu n'kumati nayenso wapenga.

Atapeza mpweya anakwera pabenchi.

"Amayi, atate, musiyeni munthuyu. Alibe mwana wapathengo, alibe botolo, ngakhale nkhuku satha kupha, amandiitana ine. Tionenji ndi munthu wa m'nthano yomwe akulemba. Ngati sewero la pa wailesi lija!"

Sewero la pa wailesi! Mawu osavuta chonchi, ine ndi dipuloma yanga osawapeza tsiku lonse.

Anthu sanakhulupirire msanga, ndiye Esinati anayamba kuwafotokozera nkhani yonse: mvula kuthawa, alimi kugulitsa ng'ombe, nsawa kukwera chombo. Anyamata aja anandisiya mikono kuti amve bwino. Atafika pomwe iye anawerenga n'kulekeza, onse anatembenukira kwa ine.

"Ndiye zinatha bwanji?"

Ndinafotokoza za bowo, za chingwe, za kanyimbo. Ndinaona a Mwale akupukuta m'maso. Kunena zoona, kamtima kanga ka wolemba kanadumpha: nkhani yamera mano!

A Tembo ndi omwe anayamba kuyankhula.

"Ndiye mwatichotsa kumunda, mbuzi yanga yafa, chifukwa cha munthu wa m'mutu mwanu?"

"Pepani, bambo."

"Ndipo mdala wodandaulayo munatengera ndani?"

"Ndi wongopeka, bambo."

"Hmm."

Mbuzi yafa siibwerera kukhola, ndiye anthu anadya. Anadya mosangalala kuposa pa ukwati wanga, aliyense wodutsa akundigwira dzanja n'kumati "Pepani a Phiri," kenako kukasekera kuseri kwa nyumba. Masofa anayamba kulowa, kwaya ikukwera kanta, ine n'kumati zatha, ndapulumuka.

Apongozi akazi okha ndi omwe sanadye. Anakhala pansi pa mango paja, akuganiza. Kanta italiza injini anakodola Esinati, namunong'oneza. Esinati anabwera kwa ine akuluma mlomo.

"Amayi akuti zonse amva, ndi nthano, alibe nanu mlandu. Koma akufunsa chinthu chimodzi. Akuti mtsikanayo anali wobatizidwa?"

Ndinafufuza m'mutu machaputala onse. Injini za chombo ndinalemba masamba ambirimbiri. Kameredwe ka nsawa m'dothi la ku Mars, chaputala chathunthu. Ubatizo?

"Zimenezo sindinaziganizire."

Esinati sanafunikire kubwerera kukanena. Apongozi anali atamva. Anaika manja kumutu, nakuwa mawu omwe anamveka mpaka ku siteshoni:

"Mayo ine! Mwana wapulumutsa anthu onse aja, n'kufa chikunja!"

Dalaivala anazimitsa injini. Kwaya inatsika. Masofa anatulukanso.

Anzanga olemba, musanaphe munthu m'buku, yambani mwamubatiza.