Bondo Lakumanja Likukana

Lolemba, 11 Juni 2007

Miyezi isanu ndi iwiri chichitireni opaleshoni ya bondo. Basi, ndakhala mokwanira! Lamulungu likubwerali ku kalabu kuli mpikisano wa tenesi wa awiriawiri, ndipo ine ndikusewera. Tamanda, mnzanga amene takhala tikuima mbali imodzi ya neti zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka ku Lusaka ndi ku Harare, sakudziwa kanthu. Ndimudzidzimutsa.

Pulogalamu ndaimata pachitseko:
1. Kuthamanga mamawa, Kawale mpaka Biwi.
2. Mafizo onse amene adokotala anandilembera.
3. Kumenya mpira pakhoma, ola lathunthu.
4. Ayisi pabondo.
5. Osamvera zonena za anthu.

Zida zilipo: raketi imodzi, mipira itatu yosalala ngati dazi la a Jafali, alandilodi anga. Mawondo, limodzi ndi theka.

Lachiwiri, 12 Juni

Kuzizira kwake! Ndikuthamanga mpaka pachigayo. Chigayocho chili kuseri kwa nyumba yathu. Bondo likulira ngati chitseko cha bafa. Ndikubwerera pang'onopang'ono, nkhope ili gwa, ngati ndimangokaona ngati atsegula.

Khoma la simenti pano ndi limodzi, la kumbuyo kwa nyumba ya a Jafali. Phu! Phu! Phu! Dzanja likukumbukabe! Misozi ikulengeza, ndilibe woti ndimuuze.

Zenera likutseguka. A Jafali, tepi yautelala ili m'khosi: "Achemwali, ndikusoka suti ya ukwati muno. Mpira wanuwo ukagunda, singano ikumadumpha. Mkwati akalowa m'tchalitchi thumba lili kumsana."

Ndikumenya komaliza mwaulemu. Mpira ukudumpha mpanda, ukugwera m'chimbudzi cha aneba chopanda denga. Muli munthu. Sindikupita kukafunsa.

Yatsala iwiri.

Lachitatu, 13 Juni

Tsiku la ayisi. Firiji ndilibe, ndiye ndikutenga mafirizesi ofiira kwa mayi Jafali. Akundiyang'ana modabwa. M'Kawale monse wogula mafirizesi mwezi wa Juni ndine ndekha.

Magetsi anazima mamawa, mafirizesiwo afewa kale. Ndikuwamangabe pabondo ndi chitenje. Ndikukweza mwendo monga pepala la adokotala likunenera. Phwa!

Mayi Jafali akusuzumira pakhomo, akuona mwendo wonse uli psuu. "Mayo! Bala latseguka! Anthuni, thamangani!"

M'chipinda changa mwadzaza anthu. Chichokereni kuchipatala sikunabwerepo anthu ochuluka chonchi. Wina wandigwira dzanja. Malangizo akugwa ngati mvula:
- ndikatemere mphini ku Mtandire
- ndikapemphereredwe kuphiri
- ndisiye kudumphadumpha ndi kasiketi kakafupi
- ndikwatiwe

Kenako mayi wina akununkhiza chitenje. "Aaa, ndi firizesi uyu." Ndikuvomera. Onse akutuluka. Ndikanachedwako pang'ono kuvomera.

Lachinayi, 14 Juni

Tamanda ndamuflasha katatu. Zii. Masana uthenga: "Ndili bize, ndiimba." Foni ndaiika pampando, ikundiyang'ana, inenso ndikuiyang'ana.

Raketi sikuoneka! Ndikuipeza padenga la khitchini, pamwamba pake atayanikapo usipa. Mayi Jafali: "Sefa wanuyu ndi wabwino, mphepo ikumadutsa pansi." Raketi imene inandipatsa chikho ku Lusaka! Amphaka awiri akunditsatira mpaka pakhomo.

Mpira wachiwiri wapita ndi galu. Wathamanga bwino galuyo, mawondo onse anayi ali mushe. Ndamusirira.

Amayi akuimba kuchokera ku Balaka. Mtima phaa, ndimayesa Tamanda. "Anzako a kusukulu ali ndi ana atatuatatu. Iwe uli ndi zikho zosamwera ndi tiyi yemwe." Akufunsanso ngati ndikudya. Ndikuti eya.

Lachisanu, 15 Juni

Kuchipatala. M'minibasi anayianayi, bondo latsamira chitsulo, kondakitala akuti, "Asisi, pindani mwendowo." Achimwene, ndi zimene ndakhala ndikuyesa chiyambire Novembala!

Adokotala akudina apa, akudina apo. "Mwakhala mukuthamanga eti?" Ndikukana. Bondo likundiulula lokha, latupa ngati papaya.

"Miyezi ina itatu. Mukapupuluma, muziyendera ndodo mpaka kalekale."

Ndikufunsa za Lamulungu. Akuseka. Akuitana anesi kuti ndibwereze, nawonso amve.

Kunyumba ndikufufuta nambala 1 ndi nambala 3. Nambala 4 inadzifufuta yokha. Maganizo atsopano: pa awiriawiri sipafunika kuthamanga kwambiri. Ine ndiziima pa neti ngati mtengo, Tamanda azithamanga kumbuyo. Nzeru!

Loweruka, 16 Juni

Ku kalabu, nsapato zochapa, raketi ikununkhabe nyanja. Pabolodi amata mayina a mawa. Dzina la Tamanda lilipo. Pambali pake, pamene pamakhala langa: Chisomo.

Tamanda akubwera akuthamanga, akundikumbatira. "Aise, koma wanenepa bwino! Ndimafuna ndikuuze, koma nkhani ya mayunitsi." Sakundiyang'ana kumaso, akuyang'ana bondo.

Ndikuwaonerera kuseri kwa waya. Chisomoyo ndi wamtali, zaka mwina khumi ndi zisanu ndi zinayi. Akuima kumanzere, mbali yanga. Ndikudikira kuti alakwitse. Ola lathunthu ndikudikira. Mwanayo amatha, nditani nanga. Akapata pointi akuwombana m'manja kawiri, mmene tinkachitira ife.

Mlembi wa kalabu akundipeza pomwepo: "Mwabwera bwino, chemwali. Mawa tilibe woyimbira masewero. Ndi zongokhala pansi basi."

Ndavomera. Pakamwa panga pamafulumira kuposa miyendo.

Lamulungu, 17 Juni

Mpando wa woyimbira ndi wautali, masitepe asanu ndi limodzi. Kukwera ndakwera, mwendo wabwino patsogolo, winawo ukubwera m'mbuyo ngati mlendo.

Ndiye ndili pabwalo Lamulungu, monga ndinanenera. Pamwamba pake.

Gemu yomaliza, mpira wa Chisomo ukugwera pamzere penipeni. Waona ndine ndekha. Anthu onse maso kwa ine. Liwu limodzi lokha, chikho chiwapita. Satana akundinong'oneza bwinobwino.

"Walowa!"

Apambana. Tamanda akudumpha, akundikwezera raketi, akukuwa kuti, "Utipeze ku bala!" Onse akukhamukira komweko, ndi chikho chawo.

Ndikuti nditsike. Bondo lauma gwa! Maola awiri pamphepo ya Juni, likukana kupindika ngakhale pang'ono. Ndayesa chakutsogolo. Ndayesa chakumbuyo. Kukuwa sindingakuwe, ulemu wanga watsala wochepa kale.

Ndikulemba izi ndili pompano, kope lili pantchafu. Ku bala kukumveka nyimbo ndi kuseka. Bwalo lili mbee, mizere yoyera, neti ikugwedezeka yokha. Kukongola kwake ukaliona uli m'mwamba! Zaka zonsezi sindinadziwe.

A Phiri, mlonda wachikulire wa pano, akudutsa ndi paipi yamadzi. Akuima, akundiyang'ana. "Madamu, simunaweruke?"

Ndikuwafotokozera. Akugwedeza mutu mwachisoni. "Pepani. Dikirani ndimalize kuthirira maluwa, ndikakuitanireni anthu."

Thirirani bwinobwino, abambo, musasiyeko ena. Ine ndili ndi miyezi itatu.