Tsiku Limene Ndinatsekera Apongozi M'galaja

Mpaka lero ndikamva chitseko chikukwekwesa pansi, thukuta limandituluka kumsana. Nkhaniyi ndiinena ndekha, chifukwa ku Feira kuno aliyense amainena molakwika, ngakhale amene panthawiyo anali asanabadwe.

Zinachitika chitaganya cha Fedulo chitangoyamba, ine nditabwerako ku Halale kumene ndinkathandiza dalaivala wa lole. Anzanga ankabwera ndi masuti ndi magalamafoni. Ine ndinabwera ndi njinga yamoto yakale, yomwe inkatsokomola kwambiri kuposa kuyenda. Chinthu chaulemu chotere sichikanagona pakhonde ndi mbuzi, choncho ndinamanga galaja, yoyamba m'mudzi mwathu (ndiponso yomaliza). Chitseko chake sichinali cha anthu wamba. Chinali chokankhira kumbali monga ndinaonera kumayadi a azungu: matabwa a mlombwa, timawilo tiwiri toyenda pa njanji yachitsulo pamwamba, ndi kangalande pansi. Zenera sindinaike. Njinga ikufuna kuona chiyani?

Unali mwezi wa Novembala. Dzulo lake kunagwa mvula yoyamba, ndiye dzuwa linabwerera ngati likubwezera. Ndinachokera ku Boma masana, ndikuliza njinga kuti mudzi wonse udziwe kuti abwana afika. Sindinadziwe kuti apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga Felisita, anali atangofika kuchokera ku Kavalamanja. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana, salankhulana, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Atamva phokoso langa ali pabwalo, iwo anachita zaulemu: anathawira pobisala papafupi. Mwadziwa kale kuti panali pati.

Ndinalowa m'galaja maso atachita chidima ndi dzuwa. Pamsewu pankadutsa asodzi, ndiye ndinati aone chitukuko.

"Onani, chala chimodzi basi!" ndinatero ndili mkati momwemo, ndikukankha chitseko kuti chitsekeke.

Chitseko chinayenda pang'ono, n'kuima. Asodzi aja anaimanso. Munthu wanzeru akanayang'ana pansi n'kuona kuti mvula yadzaza matope m'kangalande ndipo matabwa afufuma. Ine, katswiri wa ku Halale, ndinaikapo phewa. Chinathamanga mpaka kumapeto, phwa! Kawilo kamodzi kanadumpha pa njanji, chitseko n'kukhala pansi mopendekeka. Ndinakoka, zii. Ndinachimenya, ndinachitukwana m'chinenero chathu, m'Chishona ndi m'Chizungu, ndi mawu amene sindingalembe pano.

Kenaka kumbuyo kwanga kunamveka chifuwa. Sichinali cha njinga.

"Atate ake Luka," anaitana Felisita panja, "kodi amayi mwawaona?"

"Sindinawaone," ndinayankha, mphuno nditaigunditsa kukhoma. "Koma ndawamva."

"Felisita," anatero mawu a m'mdima, "muuze mwamuna wako kuti ku Halale anaphunzira zambiri. Zinenero zitatu!"

Munthu anali pafupi moti ndinkamva fungo la nsomba zouma zimene anatibweretsera, koma mawu athu onse ankayamba atuluka panja, n'kubwereranso.

"Amake Luka, auzeni amayi kuti vutoli ndi laling'ono."

"Amayi, akuti vutoli ndi laling'ono."

"Muuze kuti ndasangalala. Ndimaopa kuti mwina tatsekeredwa."

Dzuwa la ku Feira pa malata inu mukulidziwa. Mkatimo tinayamba kupsa ngati njerwa, fungo la petulo likutipweteka mutu. Apongozi anayamba kupuma mofulumira, ndipo apa mantha anandigwira ndithu. Mlamu wanga Juwaki, amene anawaperekeza pabwato, anabwera ndi nkhwangwa.

"Mulamu, chokani kuchitseko, nidula manje!"

"Musadule! Ndi mlombwa umenewo!"

Mawu amenewa anatuluka okha. Kunja anthu anang'ung'udza, ndipo ndinazindikira kuti mudzi wonse uli pabwalo panga.

"Felisita, muuze kuti asavutike," anatero apongozi mofatsa. "Amayi ako ndi a mtengo wamba. Mlombwa ukhale."

Chochita ndinkachidziwa, poti chitsekocho ndinapanga ndine. Felisita anafukula matope m'kangalande ndi kakhasu. Chotsala chinali kunyamula chitseko kuti kawilo kabwerere pa njanji, koma mitanda yogwirira inali mkati, ndipo chinkafuna anthu awiri, wina uku wina uko. M'galajamo tinalimo anthu awiri ndendende.

"Amake Luka, apempheni amayi agwire mtanda wa kumanja."

Anagwira. Ine ndinagwira wa kumanzere, nkhope nditaitembenuzira kumbali ngati nkhuku yodwala. Tsono yesani kunyamula chinthu pamodzi kudzera mwa womasulira. Ndikati "auzeni anyamule", ine n'kunyamula, uthenga umafika ine nditatula kale. Iwo akanyamula, ine ndimakhala ndikupuma. Chitseko chinkangovina, anthu panja akuwombera m'manja.

Apa apongozi, mayi wa ulemu wake, amene chikwatire ine mwana wawo anali asanandilankhulepo liwu ndi limodzi lomwe, anataya mwambo wa makolo.

"Iwe! Nyamula!"

Ndinanyamula ngati ndalumidwa ndi chinkhanira. Kawilo kanati kwe! pa njanji, chitseko n'kutseguka ndi chala chimodzi, monga ndinalonjezera asodzi.

Apongozi anafunda nsalu kumutu, anatola dengu lawo la nsomba, n'kutuluka pang'onopang'ono ngati akuchokera ku Misa. Anamwa madzi, anakhala pamphasa, kenaka anafunsa mokweza kuti aliyense amve:

"Felisita, mwamuna wako ali bwanji? Sindinamuonetu chifikire."

Ine ndinatsala m'galaja mpaka anthu atabalalika.

Tsono inu amene muli ndi zitseko zotere, mverani. Chikakana kuyenda musachikakamize. Sesani m'kangalande, pakani girisi timawilo, ndipo matabwa akafufuma ndi mvula apaleni pang'ono. Zonsezi ndinachita mawa lake, ndipo chitsekocho sichinavutenso. Ndinafuna kuti apongozi adziwe zimenezi, choncho ndinatuma Felisita akawauze kuti tsopano chikuyenda bwino, akhoza kudzaona.

Yankho lawo Felisita anakana kundiuza.