Musawaze Madzi pa Mtedza

Lolemba
Abwana akuti ofufuza achinyamatafe tizituluka mu labu, tikafotokozere alimi zomwe tikupeza. Ine ndikuyambira kwathu ku Nsaru, Loweruka, kutchalitchi. Uthenga ndi umodzi: osawaza madzi pa mtedza pouswa. Chinyezi chimabweretsa chuku, chuku chimawononga chiwindi. M'chikwama: pulojekita yobwereka, mapositala, nsapato zatsopano. Andimva basi!

Lachiwiri
Ndafika. Kutchalitchi kulibe magetsi. Ndinabatizidwira momwemo, ndiye ndinaiwala bwanji? Pulojekita ili pansi pa bedi.
Mapositala amayi awamata pabalaza. "Okongola chonchi ukawaonetse fumbi?"

Lachitatu
Ndikuyeserera pa amalume. Akugwedeza mutu bwinobwino, mtima wanga mbee. Ndamaliza, mafunso?
"Kodi kuntchito kwanuko kulibe anyamata?"

Lachinayi
Akatekisiti alengeza m'miphakati yonse kuti mwana wa malemu aphunzitsi, uja ankalira pa ubatizo wa mng'ono wake, wabwera kudzatilankhula. Za mtedza sanatchule n'komwe.
Amayi ali kalikiliki. Akuti anthu sangabwere kudzamvera mwana wawo n'kubwerera kukamwa kuli gwa.

Lachisanu
Mayo ine! Ndikutuluka m'nyumba, pabwalo pali azimayi a mphakati, malichero, thumba la mtedza. Amayi ali ndi ndowa, akuwaza madzi ngati ansembe pa Pasaka.
Mtedza wa msonkhano wanga. Wa msonkhano woletsa zomwezo!
Ndikufotokoza, manja m'mwamba. Anaphiri, anzawo a amayi: "Zimenezo ukatiuze mawa, mwanawe. Lero tili pa ntchito."
Ndakhala pansi. Ndikuswa nawo. Ukusweka mosavuta, zoona, ndipo zikundinyansa.

Loweruka
Tchalitchi chadzaza. Pemphero, nyimbo, malonje, nyimbo ina. Ndaimirira, nsapato zikuluma. Ndikunena za chuku, anthu akutafuna mtedza wokazinga, khwa khwa khwa.
Ndafika pa chiwindi, Anaphiri ayamba kulira. Eya, uthenga walowa!
"Mawu akewo, ndi bambo ake enieni."
Mzere wonse misozi. Nthungululu. Andipatsa nkhuku.
Funso labwera limodzi: nsapatozo ndinagula kuti?

Lamulungu
Ndikulongedza. Abwana ndikawauza chiyani? Kuti anthu anabwera ambiri, analira, palibe anamva. Mwina mneneri salemekezedwadi kwawo. Kapena amalemekezedwa mopyola, mpaka osamumvera.
Kuseri kwa nyumba kukumveka phwa, phwa. Amayi ali pamphasa, akuswa mtedza wotsala. Wouma. Chala chachikulu chatupa kale.
Ndikuwafunsa ngati za chiwindi zija anazimvetsa.
"Aaa, zimenezo ndi zanu ophunzira. Koma mwana wanga angabwerere ku tauni popanda womumvera ndi mmodzi yemwe? Tenga lichero, zala zanga zatha."
Minibasi ipite. Ndikwera ya mawa.