Lipenga la pa Foni pa Chinkhoswe cha Yamikani

Anzanga, mukadzandimva ndikupereka nzeru kwa munthu amene akufuna kukwatira, mudzanditseke pakamwa msanga. Ine Dalitso ndinatsala pang'ono kuthetsa banja la mnzanga lisanayambe n'komwe, ndipo chida chake chinali foni.

Foniyo ndinaigula m'kashopu kena ku Bordesley Green, kuno kutsidya kwa nyanja kumene tikukhala. Ndinangopita kukasinthitsa galasi la foni yakale, koma wogulitsayo ananditulutsira ina, ati yopangidwira anthu oimba. Kumunsi kwake kuli kabowo, ukauzira mpweya imalira ngati lipenga, ukaipendeketsa imayamba ng'oma, ukakanda pagalasi ndiye gitala. Anati makampani akuluakulu akugona tulo, mafoni a mawa ndi amenewa. Ine mtima dyokodyoko, ndinagula osafunsa kawiri, ndipo kuyambira tsikulo mkazi wanga Chisomo sanaonenso mtendere m'nyumba.

Ndiye panabwera chinkhoswe cha mnzanga Yamikani wa ku Longbridge ndi Tadala, namwino wa ku Dudley. Awiriwa anadziwana pa intaneti, ndipo zimenezi sizinawasangalatse aNabanda, azakhali ake a Tadala amene anamulera kuyambira ali wamng'ono. Mayiwa anachita kukwera ndege kuchokera ku Lilongwe kudzaona okha. Mukudziwa kuti pa chinkhoswe amafunditsa atsikana zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mwamuna n'kuloza wake, ndipo kwina konse zimangokhala zoseketsa anthu. Koma aNabanda ananenetsa kuti iwo sanabwerere masewera. Mnyamatayo akalephera kuzindikira mwana wawo ndiye kuti sakumudziwa, mwambo uima pomwepo, aliyense azipita kwawo.

Yamikani anandiimbira foni.

"Aise, ndili pa stress. Holo tinabuka kale, abale atenga ma day off, nanga ndikaphonya?"

"Usadandaule mwana, zimenezo isiyire technology," ndinamuyankha modzitama. "Woimba pa mwambowo ndine. Ndizikanda gitala pang'onopang'ono iwe ukuyenda. Ukangoima pamaso pa Tadala ndiliza lipenga. Ukamva lipenga, vundukula, usaganize."

Kodi munamvapo nzeru yoposa imeneyi? Ine ndinagona ndikudziyamikira.

Tsikulo linafika, holo ya ku Dudley inadzaza, ine n'kulumikiza foni yanga ku masipika, kenako n'kuiika m'thumba la malaya podikira nthawi. Abusa anati tiyeni tipemphere. Ine ngati Mkhristu wabwino ndinawerama kwambiri, foni n'kupendekeka m'thumbamo. Abale inu! Ng'oma zinaphulika holo yonse pamene abusa anali atangoti "Atate wathu". Ndinadzuka mofulumira, ng'oma zinasiya. Ndinaweramanso kuti anthu asandidziwe, zinayambiranso. Nditatsegula diso limodzi ndinapeza aNabanda akundiyang'ana, ndipo sanaphethire mpaka pa Ameni.

Munthu wanzeru akanazimitsa foni pomwepo. Ine ayi, ndinapita kukanyengerera Chisomo, amene anali m'gulu la amayi ofunditsa atsikana, kuti andiuze kuti Tadala aima pati. Anakana, ndinachonderera, anakananso, mapeto ake anandinong'oneza mokwiya kuti, "Womaliza. Ndipo ine musanditchule."

Anthu anayi ofundidwa zitenje zofanana analowa pamzere, mapazi onse ali m'masokosi oyera. Ndinaona kuti mpando wa aNabanda uli wopanda munthu, ndipo ndinasangalala kuti mwina apita kukapuma, diso lija lichoke pa ine. Ndinayamba kukanda gitala, foni ndaigwira pafupi ndi mlomo kukonzekera lipenga. Yamikani anaimirira, thukuta lili kamukamu, n'kuyamba kuyenda.

Apa ndikuuzeni kuti inali nyengo ija maluwa aphuka, pamene chimfine cha mungu chimatizunza ambirife kuno, ndipo mankhwala ndinaiwala kumwa. Onjezerani mafuta onunkhira a amayi onse a m'holo muja. Yamikani akudutsa woyamba, m'mphuno munayamba kuyabwa. Ndinagwira mpweya. Akuyandikira wachiwiri, misozi inayamba kutsika, ine n'kumapemphera chamumtima kuti Ambuye, masitepe ochepa okha, ndipirireni. Kuchotsa foni pakamwa sindinaganizeko, mutu wonse unali pa mphuno. Ataima ndendende pamaso pa wachiwiri, ndinayetsemula.

Lipenga limene linatuluka m'masipika, ngakhale a m'basi panja analimva.

Yamikani sanaganize, monga ndinamulangizira. Anagwada, n'kuvundukula chitenje uku akuti, "Wokondedwa wanga!" Ndipo m'chitenjemo munatuluka nkhope ya aNabanda. Mayiwa anali atalowa okha pamzere osauza munthu.

Mwina zikanatha kukonzeka, amalume ake a Yamikani akanati mwana wachita mantha, koma Yamikani, ali chigwadire, anatembenukira kwa ine n'kukuwa, "Iwe Dalitso, sunati ndikamva lipenga?"

Anthu onse anatembenukira kwa ine, ine ndili njo, foni ili kukamwa, mamina ali chuchuchu. Ndinaopa zenizeni, chifukwa ndinaona kuti ukwati wa anthu okondana ukufera m'manja mwanga. Chisomo anangoyang'ana kudenga ngati sanandionepo chibadwire.

"Ndiye kuti munapangana kundipusitsa?" anafunsa aNabanda, mawu ali pansipansi. "Ndachoka kutali kuja kudzaonera zimenezi? Ndipatseni chikwama changa."

Amalume ake a Yamikani, bambo achikulire ovala suti, anagwada pansi n'kuyamba kuomba m'manja. "Pepani mayi, ana alakwa. Tikupempha mpata umodzi wokha." Abusa anapemphanso. Ine ndinafuna kulankhulapo, koma amalumewo anandiloza chala, ndinatseka pakamwa. ANabanda, chikwama chili kale m'manja, anati, "Zimitsani chinthu chakecho. Atsikana abwerere akasinthane malo. Akaphonyanso, Tadala ndikupita naye."

Atabweranso atatu aja, m'holo munalibe nyimbo, munalibe ngakhale wotsokomola. Yamikani anawayang'ana ali patali. Kenako anayenda molunjika kwa wapakati n'kuvundukula. Anali Tadala, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Nthungululu zinabuka, koma aNabanda anakweza dzanja.

"Wamudziwa bwanji?"

"Azakhali, Tadala akaima nthawi yaitali amatsamira mwendo wakumanzere," anatero Yamikani. "Wakumanja umamupweteka chifukwa cha ma shift a ku ward. Ndimamuona tikamadikira basi."

Anzanga, munthuyo ankamudziwa mkazi wake bwinobwino. Chimene chinamusokoneza ndi ine ndi foni yanga! ANabanda anaika chikwama pansi, n'kumuyang'ana mnyamatayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mkamwini ndamulandira, maso ali nawo," anatero. "Vuto lake ndi posankha anzake. Uyu wa lipengayu, pa ukwati mudzamupatse ntchito ya panja."

Ndipo zinaterodi. Tsiku la ukwati anzanga akuvina m'kati, ine ndinali panja ndi jekete lonyezimira, mvula ya ku Dudley ikundimenya, ndikulozera anthu poimika magalimoto. Ndinalumbira ndili pomwepo kuti foni yanga izingoimbira anthu basi, ndipo wina akadzafuna thandizo pa chinkhoswe chake, ine ndidzanyamula mipando.