Nkhumba ya Apongozi M'thumba la Jekete

Anzanga, adokotala atandiuza kuti mafuta achuluka m'magazi mwanga, ati kolesitolo, ndipo kuti mitsempha ikatsekeka mtima udzangoima ngati minibasi yothera dizilo pamsewu, ndinalumbira kuti nyama yonona ndasiya. Kulumbirako sikunavute, chifukwa chaka chimenecho makampani ankangotseka, ndipo kwathu ku Matero aliyense ankadya soya ndi repu popanda kuuzidwa ndi dokotala.

Ndiye Loweruka lina ine ndi mkazi wanga tinapita kukaona amayi ake ku Chawama. Apongoziwo, pofuna kulemekeza mkamwini, anandiphikira nkhumba yoyera mbee, mafuta okhaokha! Anandiikira m'chipinda kuti ndidye ndekha monga mwa mwambo. Nanga mbale ya apongozi, m'nyengo ngati imeneyo, ungaibweze yosakhudza? Kudya, mtima uli pangozi. Kusiya, ulemu watha. Nsima ndinadyera masamba, nthulizo ndinazikulunga m'kampango n'kuziponya m'thumba la pachifuwa la jekete, uku ndikudzitama kuti nzeru ndili nazo.

Titakhala panja, dzuwa la Okutobala linayamba ntchito yake. Mafuta ndinkawathawa aja anasungunukira pamtima penipeni, banga likungokula, ndipo galu wa pakhomopo, amene sanandikondepo chikwatirire, anadzakhala pambali panga n'kumandiyang'ana mwachikondi. Ine thukuta kamukamu, dzanja lili pachifuwa ngati ndikuimba nyimbo ya fuko.

Potsanzika ndinanjuta kuti ndiombe m'manja. Dzanja litangochoka pathumba, galu uja anatsomphola kampango, nthuli zonse mbwee pamaso pa apongozi ndi aneba! Manyazi ake, ndinalakalaka mtimawo ungoima pomwepo.

Ndinayamba kufotokoza za mitsempha, koma apongozi misozi inali italengeza kale.

"Mayo! Bapongozi, vinthu vafika so? Mubisila bana nyama mu thumba? Nchito inasila, simukamba chabe?"

"Amama, ni ba dokota banabaletsa," anatero mkazi wanga.

"Iwe khala zii! Njala sibabisa."

Ntchito ndikadali nayo, koma Chawama yense akudziwa kuti inatha. Ndipo mwezi uliwonse apongozi amadzimana n'kunditumizira phukusi la nkhumba, yosankhidwa dala yonona, ati ndaonda.

Sindidzabisanso ndiwo, anzanga. Masiku ano kwa apongozi ndimapita ndi malaya opanda thumba.