Dzino la pa Ukwati wa Tisa

Lolemba
Loweruka mwana wanga Tisa akwatiwa, ndipo ine ndiyenera kulankhula pamaso pa anthu. Ndi mpata uwu? Dzino lakutsogolo linatsala mu minibasi chaka chatha, dalaivala ataponda buleki chifukwa cha mbuzi. Ana a m'kalasi mwanga amanditcha "Ba Geti". Basi, mawa ku Lusaka. Akandiike lija amamangira ndi kachitsulo m'fupa.

Lachiwiri
Adokotala a mano ajambula nsagwada, apukusa mutu. Akuti fupa linafota, kachitsulo kalibe pogwira. Ayambe athiramo ufa wa fupa la ng'ombe, woyeretsedwa kufakitale, kuti langa limerepo. Zitenga miyezi ingapo. Kumera! Ndine munda ine? Ndangogwedeza mutu ngati ndamva.

Lachitatu
Amake Tisa afuna kudziwa kuti ng'ombeyo inali ya yani, inafa ndi chiyani. Sindinafunse. Alamu anga, ba Lungu, afika ndi mafupa a kubutchala m'pepala: "Tisinje tokha, mulamu." Galu wathawa nalo lalikulu.

Lachinayi
Zondizunguza mutu:
Fupalo likamera, ndi langa kapena la ng'ombe?
Adokotala anatchulanso ufa wina wopangidwa ndi galasi. Galasi m'kamwa?
Nanga likapitirira kumera, alileketsa ndani?
Ba hedi a pasukulu pathu akuti ndikachukuche madzi otentha a pakasupe wa ku Chinyunyu. Ndapita. Lilime lapsa.

Lachisanu
Ndaimbira adokotala nditakwera pachulu pamene pamagwira netiweki. Ndamva "lakanthawi... lapulasitiki... mubwere..." foni n'kuduka. Akunena dzino kapena fupa? Poimbanso, atseka kale.

Loweruka
Ndalankhula dzanja lili pakamwa. Anthu ayesa ndikulira, azimayi ayamba kulira nawo. Pazithunzi milomo ndatseka ndii. Tisa wandinong'oneza: "Adadi, sekaniko pang'ono." Zakanika.

Lamulungu
M'mawa afika asebele anga, bambo a mkwati, chipewa chili m'manja. Akuti kwawo kuli manong'onong'o: nkhope yanga dzulo inaonetsa kuti mwana wawo sindimufuna. Ndayamba kufotokoza za nsagwada yofota, koma pakati pake ndasochera ndekha. Iwo angondiyang'ana. Nditatopa, ndangoyasamula.

Ataona mpatawo, asebele aseka mpaka kugwira khoma. Iwo mano akutsogolo alibe ngakhale limodzi! Ine dzulo sindinaone n'komwe, ndinatanganidwa ndi kubisa mpata wanga. Akuti ngati adokotala aja akugulitsa ufawo, iwo afunika thumba lonse.

Ku Lusaka ndidzabwerera tikakolola.