Ulaliki Wanga pa Maliro a Eni Ake ku Kuku

Ku Chawama kuno alipo anthu amene mpaka lero akandiona amayamba kutsokomola dala pofuna kubisa phwete. Ndatopa nako kufotokozera mmodzimmodzi, choncho ndilembe kamodzi, aliyense adziwerengere yekha.

Ine ndimagulitsa nsapato za salaula pamsika, ndipo kutchalitchi kwathu ndine dikoni (wa mtundu uja wokhala kutsogolo koma osapatsidwa mpata wolankhula). Lachinayi lina m'nyengo ya mvula, nditaima kuyambira m'mawa osagulitsa ngakhale patapata, abusa anandiimbira foni.

"Ba dikoni, nili ku Chilenje, motoka yafa. Ba mai Zulu, baja nkhalamba benze kupyanga mu chalichi, bamwalila ku Kuku. Muyendeko mupeleke Mau. Mukapitilila chigayo muzaona tenti."

Ndinavomera msanga. Zaka ndi zaka ndinali kuyenda ndi ulaliki umodzi m'thumba la jekete, pepala lake litafewa ngati nsanza. Mutu wake unali wakuti Mulungu ndiye mwini zonse, ndipo munthu amapulumuka mwa chifundo chake basi. Akuluakulu a mpingo anali kufuna wina womathandiza abusa paguwa, ndiye ndinati nthawi yanga yakwana.

Amene amadziwa komboni ya Kuku mvula ikagwa andimvetsa. Njira zonse zinali mitsinje. Ndinavula nsapato, ndinapinda thalauza, ndikudumpha kuchoka pamwala kupita panjerwa. Chigayo ndinachiona, koma madzi anandikhotetsa kawiri, ndipo nditatulukira ndinaona tenti, mipando ya sofa ili panja, azibambo atakhala chete. Ndinathokoza Mulungu, ndinatsuka mapazi pachithaphwi, ndinalowa.

Ndinapereka moni kwa aliyense ndi manja awiri. Ambiri anali atavala tizipewa tating'ono (ndinati ndi kuzizira). Panalibe nkhope ngakhale imodzi ya kutchalitchi kwathu (ndinati ndi ulesi, mvula yawatsekera m'nyumba). Kwaya kunalibe, ndiye mumtima ndinawalemba kale mlandu amayi a chigwirizano.

Ndinayambitsa nyimbo ndekha. Palibe anandilandira. Ndinaimba ndime yoyamba, yachiwiri, mawu akunjenjemera ngati a tambala wonyowa, kenaka ndinasiya ngati ndinafuna kuthera pomwepo.

"Abale anga," ndinayamba, "Mulungu ni mwine wa vonse. Amapasa, amatenga, safunsa komiti."

Apo mitu inagwedezeka. Mdala wina wa ndevu zoyera, amene anakhala pasofa yapakati, anati motsitsa, "Ni zoona." Imeneyo ndiyo inandipha. Munthu amene sanayamikiridwepo paguwa ukamuuza kuti ndi zoona, wamuthira petulo. Ndinaiwala kutopa. Ndinanena kuti tsiku la munthu linalembedwa iye asanabadwe, onse anavomera. Ndinanena kuti palibe angadzitame pamaso pa Mlengi, kuti tonse tikudalira chifundo, ndipo wina kumbuyo anapukuta misozi. Mumtima ndinali kudandaula kuti akuluakulu a mpingo sali pano kuti aone okha.

Kenaka ndinafika pa malemu.

"Amai batu aba, Loweluka lililonse benze kupyanga mu chalichi! Yunifomu yao yoyela mbee! Pa ubatizo ndiye benze kuyamba nthungululu!"

Mitu inaleka kugwedezeka. Anthu anayamba kuyang'anana. Ine ndinati Mawu alasa mitima, ndiye ndinatseka maso, ndinakweza dzanja, ndinapempha kuti ofuna kulandira Yesu lero aimirire.

Nditatsegula diso limodzi, anali ataimirira munthu mmodzi yekha: mdala wa ndevu uja. Ndinatsala pang'ono kufuula aleluya. Anabwera pang'onopang'ono, anandigwira pachigongono, nandinong'oneza.

"Ba busa, pepani. Wamene tilila ni mng'ono wanga Yusufu, wokhoma ndowa. Tamuika m'mawa. Ise ndise Asilamu. Malilo yanu yali kuseli kwa chigayo, kwamene kumveka nyimbo uko."

Ndinatchera khutu. Zoonadi, chapatali kwaya yathu inali kuimba, ndipo ndinazindikira ngakhale mawu a mkazi wanga.

Ndinafuna nthaka ing'ambike, koma ku Kuku nthaka yake ndi madzi okhaokha. Ndinayamba kupepesa. Mdalayo anandikhazika pasofa pake, analamula kuti andipatse tiyi.

"Munatilekelela bwanji nilalike mpaka pamene apa?" ndinafunsa.

"Mwabwela na matope mpaka m'mabondo kuzalila na ise. Tingakupilikiseni? Na vamene munayamba navo venze bwino. Mwasobela chabe pa yunifomu."

Ena anaseka pang'ono, kuseka kwa anthu amene alira tsiku lonse. Ine tiyi ndinamwa, wotentha, wa shuga wambiri, ndipo sindinamwepo tiyi wovuta kumeza ngati ameneyo. Nditatha, mdalayo anandiperekeza yekha, atanyamula mkanjo wake m'manja, mpaka pakhomo pa maliro athu. Anapereka pepani kwa ana a mayi Zulu, ndipo za ine sananene kanthu.

Koma mu komboni khoma ndi lopyapyala. Ndinapeza mlembi wa mpingo atalalikira kale, ndipo nkhani inali itandipitirira panjira. Mkazi wanga anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumatope, n'kupitiriza kuimba.

Lamulungu lotsatira akuluakulu anakhala pansi, ndipo anagwirizana kuti mphatso yanga ndi yonyamula mabenchi kupita nawo kumaliro. Ndinavomera, mphamvu zotsutsa ndinalibe. Ntchitoyo ndimaigwira mokhulupirika mpaka pano, benchi pamutu, pakamwa potseka. Ngakhale zili choncho, salola kuti ndipite ndekha. Mkazi wanga amatsogola.